Makoswe Atatu pa Dengu la ku Makhanga

Makoswe anali atatu. Awiri anafera m'mbali mwa dengu, miyendo ili m'mwamba. Wachitatu anakafera pakhomo, mphuno itagunda chitseko. Sajeni Loyce Semba wa polisi ya pa Ngabu ananjuta, natembenuza mmodzi ndi kamtengo. Kukamwa kunali thovu.

Chipindacho chinali chosungiramo katundu pa nyumba ina yogona alendo. Munali zidebe, matiresi akutha, ndi dengu lalikulu la milamba yowamba, losokedwa chiguduli pamwamba. Chapansi penipeni pa dengulo makoswe anaboola kabowo. Fungo la utsi wa nsomba linali ponseponse, koma mkati mwake munabisala fungo lina limene aliyense wokulira m'chigwa cha Shire amalidziwa. Mankhwala opopera thonje.

"Watsegula muno ndani?" anafunsa Loyce.

"Ndine, bwana, ine ndemwe," anayankha mlonda, bambo Gideon, chipewa chili m'manja. "Sikisi koloko m'mawa uno. Mulungu ndi mboni yanga, loko anali chitsekere. Kiyi amakhala m'chiuno muno, ngakhale kuchimbudzi ndimapita naye. Zaka khumi ndi zinayi ndili pano, ngakhale supuni sinasowepo. Mukawafunse abusa athu."

"Abusa tidzawafunsa tsiku lina, bambo. Denguli linalowa liti?"

"Dzulo masana. Analitsitsa m'minibasi ndi Smart uja wa boti. Analitula pakhondepa, ine n'kuthamangira kiyi."

"Kiyi wa m'chiuno uja?"

"Dzulo lokha, bwana. Lamba anaduka."

"Smart anatsala yekha ndi dengu?"

"Mphindi zisanu. Mwina zisanu ndi ziwiri. Wophika anandiimitsa, mukudziwa amayi aja akayamba kulankhula."

Kumbuyo kwa Loyce kunagogoda nsapato pa simenti. Anali mayi Priska Gondwe, nthumwi ya boma pa zokambirana za malonda, amene anabwera dzulo lake kuchokera ku Lilongwe kudzakumana ndi amalonda a m'malire. Thukuta linali litadutsa kale pa bulauzi yawo. Foni ziwiri zinali m'dzanja limodzi.

"A Sajeni, ndikuuzeni mwachidule chifukwa nthawi ndilibe. Mayiko asanu ndi awiri tikukambirana mgwirizano wa malonda, chaka chachitatu chino. Muli mndandanda wa katundu amene amalonda ang'onoang'ono azidzadutsa naye pachipata osalipira msonkho. Nyemba zinalowa. Mbatata zinalowa. Nsomba zowamba ndazimenyera misonkhano inayi. Dziko limodzi likukana, likuti anthu a kuno amathira nsomba mankhwala. Ndiye tinapangana kuti ndipite ndi dengu la gulu la amayi a ku Makhanga akaliyeze, pamodzi ndi chikalata chimene ndisaine ineyo, cholumbira kuti m'gululi mankhwala sakhudza nsomba. Mawa m'mawa mndandanda ukutsekedwa."

"Dengu lina silingapezeke?"

"Lilipo. Amayiwa abweranso ndi nsomba zogulitsa pamsika. Vuto si dengu, vuto ndi dzanja langali. Ngati wathira ndi mdani wa gululi, mundipatse kalata ya polisi. Ndisaina, ndinyamula dengu lina, nkhani yatha. Koma ngati achita ndi eni ake, sindingakalumbire bodza pamaso pa mayiko ena asanu ndi limodzi. Galimoto inyamuka wani koloko. Ndege ya pa Chileka sidikira munthu."

Loyce anayang'ana foni yake. Inali itangodutsa naini koloko. Anasolola kampeni m'thumba kuti adule msoko wa chigudulicho, koma mpeni usanakhudze mlaza, panja panabuka phokoso.

"Mgwireni! Mgwireni ameneyo!"

* * *

Amayi oposa makumi awiri anali atamuzungulira Smart pageti. Wina anamugwira lamba, wina kolala, wina ankamumenya ndi silipasi pamsana. Smart, mwamuna wamtali wa mapewa a wopalasa, ankangoteteza nkhope ndi chikwama chake uku akuseka mwamantha. Loyce analowa pakati, namukoka padzanja, n'kumupereka kwa wapolisi mnzake kuti apite naye kusiteshoni.

Amene ankakuwa kwambiri anali mayi wonenepa bwino, wa duku lofiira. Sanadikire kuitanidwa.

"Lembani, a Sajeni, lembani bwino. Princess, mlembi wa gulu."

"Munamuona akuthira, mayi?"

"Ndi maso, nkhabe. Koma makutu awa anamva. Tikuwoloka pa Mtayamoyo m'boti lakelo anati, 'Nsomba zokakwera ndegezi zikafika zili ndi chizungulire.' Anthu onse anamva. Kumsonkhano dzulo, amene sanamuitane ndi munthu, anaimirira n'kufunsa amayi a boma aja kuti, 'Nanga ife opalasa mabwato mwatilemba pa mndandanda uti?' Munthu wopanda manyazi!"

"Mgwirizanowu wamulakwira chiyani?"

"Iii, a Sajeni, inu ndi a kuno kapena ndinu alendo? Lachisanu lililonse ndi iyeyo amatiwolotsera nsomba kutsidya kwa Ruo, njira ya m'mabango, kuzemba chipata. Pa madengu asanu, limodzi amatenga iye. Chaka chatha bwato linagubuduka. Esinala uyu tinamuvuula m'madzi atamwa Ruo yense, mwana ali kumbuyo. Madengu khumi anapita. Tsono mgwirizano ukatheka, ife tizidzadutsa pachipata dzuwa likuswa mtengo, titavala zitenje zatsopano, tikupatsa moni asilikali. Iye adzadya chiyani?" Mayi Princess anaima pang'ono, nayang'ana kope la Loyce. "Za m'mabangozo musalembe."

"Cholembera changa chimatopa msanga," anatero Loyce.

Ankalemba, koma maso ake ankayendayenda. Amayi onse anali chiimire, akupuma mwaphuma, akukonza zitenje. Mmodzi yekha anakhala pansi pakhonde, miyendo itatambasuka, manja ali pamiyendo, akuyang'ana nyerere.

"Awo ndani?"

"Awo ndi a Dorika, wapampando wathu. Nsomba za m'dengumo anawamba ndi iwowo, masiku atatu osagona. Mtima wawasweka, musawavutitse."

Loyce anagwedeza mutu. Mwini nsomba zoonongekazo ndiye yekhayo amene sanaponye dzanja pa Smart.

* * *

M'chikwama cha Smart munapezeka malaya amodzi, mswachi, ndi botolo la mankhwala a thonje.

Loyce analiika patebulo pakati pa awiriwo. Smart analiyang'ana, napukusa mutu, nanyambita mlomo umene unatupa.

"Ndagula dzulo pa Ngabu pano, a Sajeni. Kwathu n'lodula. Thonje langa mbozi zikuchitamo ukwati. Taonani chitsekerocho, sichinatsegulidwe n'komwe."

Loyce anali ataona kale. Kamkombero ka pulasitiki kanali kosaduka.

"Mwina munali ndi lina."

"Mwina ndinali ndi khumi. Mwinanso ndine mwini fakitale yake."

"Pano si pa dooko, a Smart. Munanena kuti nsombazi zikafika ndi chizungulire."

"Ndinanena. Ndimanenanso kuti a Princess akakwera, boti limapempha tchuthi. Mundimanganso chifukwa cha zimenezo?"

Loyce anabisa kumwetulira. "Mgwirizanowu mukuufuna?"

"Nkhabe. Ndiufunirenji? Anthu a matayi akhala m'mahotela, akumwa madzi a m'botolo, akugawana mtsinje umene sanaupalasepo. Amayiwa akayamba kudutsa pachipata, ine bwato langa ndidzaweteramo abakha. Zimenezo sindibisa." Anasendera pafupi, natsitsa mawu. "Koma tamverani, a Sajeni. Dengu lija linali m'boti mwanga, pakati pa madzi, mwezi wa Malichi uno madzi ali odzaza. Ndikanangopendeketsa pang'ono chonchi, dengu phava! Ndani akanandimanga? Madzi saitanidwa kupolisi. Ndiye ine ndisiye njira yophwekayo, ndikavutike ndi mabotolo pakhonde la eni, mlonda ali pafupi? Ine ndi munthu waulesi, aliyense akuuzani."

"Pa mphindi zisanu zija munkachita chiyani?"

"Ndinkadziyang'ana pa galasi la galimoto ya boma ija. Sindinaonepo galasi loyera chotero."

Loyce anatseka kope. Anamusiya m'chitokosi, natuluka panja. Dzuwa linali litayamba kuluma. Anaimitsa kabaza, nakhala kumbuyo, ndipo njira yonse ankangoganiza za kabowo kaja. Makoswe sanakwere pamwamba. Anaboola pansi, nadya nsomba za pansi.

"Palasani, achimwene," anauza wakabazayo. "Palasani ndithu."

* * *

Anakokera dengulo pakhonde pomwe panali kuwala, nayala mphasa. Bambo Gideon anaima chapatali, akupemphera chamumtima.

Poyamba ananunkhiza chiguduli. Chinali chouma, chopanda banga, chonunkha utsi basi. Kenaka anayang'ana msoko. Unali wa mlaza, wothina, ndipo pa kubaya kulikonse panali mfundo yakeyake. Anawerenga mfundo makumi anayi ndi zitatu, zonse zosakhudzidwa. Munthu sangamasule zimenezo n'kusokanso pa mphindi zisanu, ngakhale zisanu ndi ziwiri.

Anadula msokowo, nayamba kutulutsa nsomba.

Loyce anakulira kwa Malemia, m'nyumba imene utsi wa nsomba sunkachoka m'zovala. Mayi ake ankawamba milamba, ndipo iye anaphunzira kulongedza dengu asanaphunzire kulemba dzina lake. Tsono manja ake ankadziwa chimene ankagwira. Milamba inali yopindidwa bwino ngati nkhata, mchira utalowa mkamwa, yofiirira mofanana. Inayalidwa mizere mizere, ndipo pakati pa mzere ndi mzere panali udzu wouma.

Anatenga umodzi wa pamwamba, naupendeketsa padzuwa. Pamsana pake panali timadontho touma, tating'ono ngati mame. Kumimba kunalibe. Anachotsa udzu, natenga wa mzere wachiwiri. Chimodzimodzi. Wachitatu, chimodzimodzi. Mpaka pansi, mzere uliwonse unali ndi timadontho take, osachuluka, osachepa, pamsana pokha. Pa mzere wachisanu anapeza kachidutswa ka tsache, kotalika ngati chala.

Anakhala pansi pa mphasapo, kachidutswako kali m'manja.

Munthu wofuna kuononga akanakhuthula botolo pamwamba n'kuthawa. Uyu sanakhuthule. Anasungunula mankhwala m'madzi, naviika katsache, nawaza mzere umodzi, nadikira kuti uume, nayala udzu, nayambanso mzere wina. Inali ntchito ya munthu wosapupuluma, wokhala pakhomo pake, wokonda nsombazo.

"Bwana, mwapeza chiyani?" anafunsa bambo Gideon.

"Ndapeza kuti inu mulibe mlandu, bambo. Valani chipewa."

Foni inkati leveni koloko yadutsa ndi mphindi makumi awiri.

* * *

Mayi Dorika anali kuseri kwa nyumbayo, pamthunzi wa thanki ya madzi, akulongedza dengu lachiwiri monga anawauzira mayi Priska. Anali mayi wochepa thupi, wa maso ofiira ndi utsi. Atamuona Loyce sanadzuke.

"Pitirizani ntchito, mayi, ine ndingokhala apa," anatero Loyce, nakhala pa njerwa. "Nsomba zija munawamba bwino. Nkhuni zake zinali za tsanya?"

"Tsanya."

"Ndinadziwa. Mayi anga ankati zina zonse zimadetsa nsomba. Analongedza ndani?"

"Ndine."

"Kusoka?"

"Ndine. Kuwamba ndine, kulongedza ndine, kusoka ndine."

Loyce anangokhala, akuyang'ana manja awo. Mayi Dorika anamaliza mzere womaliza, nayala chiguduli, natenga zingano yaikulu ndi mlaza. Ankasoka mofulumira, mobaya motalikirana, mlaza ukungoyenda mozungulira mkombero osaima. Atafika pomwe anayambira anamanga mfundo imodzi, naluma mlazawo ndi mano.

"Mfundo imodzi," anatero Loyce mofatsa. "Dengu lija lili ndi makumi anayi ndi zitatu."

Zingano inagwa pansi. Mayi Dorika sanaitole.

"Kasokedwe kaja ndinakaona kamodzi kokha, ndili mwana," anapitiriza Loyce. "Ankasoka choncho anthu otumiza katundu pa sitima, kuti mfundo imodzi ikaduka zinazo zigwire. Masiku ano palibe amene ali ndi nthawi imeneyo. Mayi, pamene dengu lija linkasokedwa munali kuti?"

"Kunagwa maliro kwa aneba. Mwana wa miyezi itatu." Mawu awo ankamveka ngati akuchokera m'chitsime. "Ndinasiya nsomba pathandala kuti zizizire. Ndimati ndikangokhuza n'kubwerera. Koma mukudziwa maliro a khanda, amayi ndi amene timagwira zonse. Pobwera ndinapeza dengu losokasoka, lili pakhonde."

"Simunanunkhize?"

"Mphuno zanga zinafa kalekale ndi utsi. Ndamva lero, makoswe atafa."

"Anasoka ndani?"

Mayi Dorika anapukusa mutu. Misozi inatsika, koma nkhope sinasinthe.

"Lembani kuti ndine, a Sajeni. Kapena siyani mmene zililimu, inu simunaone kanthu. Koma dzina limenelo pakamwa panga silingatuluke pa mlandu. Amuna anga anamwalira zaka zisanu zapitazo. Ena akanandithamangitsa pamudzi paja ndi ana. Iwo anati, 'Uyu ndi mwana wanga, akhala pompano.' Ngakhale kuwayang'ana kumaso sindinawayang'anepo. Ndiye lero ndiwaloze chala?"

Loyce anatola zingano ija, naipukuta pa siketi, naiika pa dengu. Sanafunikirenso kumva dzina. Kuchigwa kuno, mkazi wokwatiwa ali ndi munthu mmodzi yekha amene sangamutchule chotero.

"Apongozi anu abwera nawo?"

Mayi Dorika analoza ndi chibwano kumpanda.

* * *

Apongoziwo, bambo Fanuel, anakhala pa benchi patsinde pa mtengo wa nimu, kutali ndi phokoso lonse. Anavala jekete yakuda yonyezimira m'zigongono, tayi, ndi nsapato zopolishidwa zopanda sokosi. Kutentha konseko, batani la pakhosi linali lomanga. Ndodo inali pakati pa miyendo.

Loyce anagwada pang'ono, nawomba m'manja, kenaka nakhala pansi chapambali pawo.

"Muli tani, baba?"

"Eee?"

"Ndati muli tani!"

"Pyadidi, mwananga, pyadidi. Makutuwa ndiwo anapita kale kumanda, akundidikira komweko." Anaseka. "Kodi zojambula zija ayamba? Anati dengu likamakwera galimoto atijambula. Ndakhala pano chiyambire m'mawa. Ndaona amayi akukwapula Smart. Waba chiyani?"

"Tikufufuza, baba. Ndamva kuti inu munali katswiri wa nsomba kale."

Nkhope ya mkuluyo inawala. Anakonza tayi.

"Kale? Mwananga, sitima ikuyenda, ine ndinkakweza madengu makumi awiri pa Makhanga mpaka ku Limbe. Fanuel wa milamba, ukafunsa pamsika wa Limbe ankakulozera. Nthawi zina sitima inkafa panjira, masiku atatu muli m'tchire, mvula ikugwa. Anzanga pofika ankapeza dengu likuyenda lokha ndi mphutsi. Ankataya, n'kubwerera akulira. Langa ayi. Langa linkafika ngati lachoka pamoto dzulo."

"Chinsinsi chake chinali chiyani?"

Bambo Fanuel anayang'ana uku ndi uku, naweramira kwa Loyce.

"Kachitsekero kamodzi ka mankhwala a thonje mu ndowa ya madzi. Kamodzi kokha, osapitirira. Uviike katsache, uwaze pamsana, udikire ziume. Ana a masiku ano sadziwa, amathira ngati akuthirira dimba."

"Ndiye dengu la a Dorika munalikonza ndinu."

"Nanga ndani? Mwana uja anavutika masiku atatu. Ndinamva kuti nsombazi zikupita kunja, akaziika pa makina pamaso pa mayiko asanu ndi awiri. Ndinati, kalanga ine, mwezi uno wa chinyezi, ulendo wautali chotero! Makina aja akakaona mphutsi ngakhale imodzi, adzati anthu a ku Makhanga ndi auve. Manyazi ake adzagwera mpongozi wanga. Iye ali kumaliro, ine ndinati ndimuthandize. Sindinamuuze, amayiwa anapangana zoti mankhwala ayi, mankhwala ayi. Koma iwo sanayendepo ulendo wa masiku atatu." Anamwetulira. "Mwaona msoko wake?"

"Ndauona, baba. Ndi wokongola."

Pamsewu panadutsa lole ya nzimbe, fumbi n'kutsalira m'mwamba. Loyce ankafuna mawu ofewa, koma mawu ofewa sakanalowa m'makutu amenewo. Anayenera kukweza mawu.

"Baba, makina aja sakafufuza mphutsi. Akafufuza mankhwalawo."

"Eee?"

"Akafufuza mankhwala a thonje! Dziko lina likuti ife timathira nsomba mankhwala. Dengu lija limapita kukatsutsa zimenezo. Makoswe atatu adya nsomba zanu, afa."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kumwetulira kuja kunachedwa kuchoka, ngati sikunamve nawo uthengawo.

"Smart akumumenyera zimenezi?"

"Inde, baba."

"Ndithandize kudzuka, mwananga."

* * *

Pamene Loyce ndi mkuluyo ankafika pakhonde, dalaivala anali atalowetsa kale masutikesi m'galimoto. Kunatsala mphindi makumi awiri. Loyce anakhala patebulo la m'chipinda chodyera, natulutsa pepala la polisi ndi chidindo. Mayi Princess analowa pambuyo pake, natseka chitseko. A Dorika anali atawauza.

"A Sajeni," anayamba monong'ona, ukali wonse uja utatha, "ndinu mwana wa kuno. Mayi anu ankawamba nsomba, tamva. Lembani Smart. Agona masiku awiri atatu, ife tidzabwera kudzathetsa mlandu, atuluka. Iye uja watidyera zingati? Kapena musatchule munthu. Lembani kuti wathira ndi munthu wosadziwika. Mawu awiri okha. Tilipo amayi makumi asanu ndi limodzi, a Sajeni. Mukufuna tidzamire m'mabango muja mmodzimmodzi?"

Loyce anagwira cholembera osalemba. Munthu wosadziwika. Palibe akanamangidwa, palibe akanafunsa. Mayi Priska akanasaina, ndipo mwina pofika chaka chamawa Esinala akanadutsa pachipata mwana ali kumbuyo, mapazi ali ouma. Anaganizanso za dengu lina, la tsiku lina, losokedwa bwino ndi mkulu wina wachifundo, likutsegulidwa pamsika wa kutsidya, mayi wina akugulira ana ake.

Anayamba kulemba. Mayi Princess anawerenga mizere iwiri yoyamba ali chiimire kumbuyo kwake, natuluka osatseka chitseko.

Mayi Priska anawerengera kalatayo pa boneti ya galimoto, amayi onse atazungulira. Anaiwerenga kawiri.

"Mwalemba kuti wathira si membala wa gulu, ndipo analibe cholinga choipa."

"Ndi zoona zimenezo," anatero Loyce.

"Koma ndi m'nyumba ya wapampando." Anatulutsa chikalata cholumbirira chija m'chikwama, nachiyala pambali pa kalatayo, navula chitsekero cha cholembera. Anayang'ana amayiwo mmodzimmodzi. "Ndithandizeni. Ndikufuna kusaina, Mulungu akudziwa. Ndiuzeni kuti ndi nyumba imodzi yokha. Ndiuzeni kuti ku Makhanga kulibe khomo lina kumene munthu angachite zomwezi inu muli kumaliro kapena kumunda."

Mayi Princess ankayang'ana zala za kumapazi. Esinala anasuntha mwana kumsana.

"Akuti chiyani?" anafunsa bambo Fanuel. Loyce anawabwerezera kukhutu.

Mkuluyo anavula chipewa, naima mowongoka mmene akanathera.

"Mayi, amayiwa sathira, zimenezo ndikuikira umboni. Koma ife akuluakulu amene tinayenda pa sitima tilipo angapo. Ndinawaphunzitsa ndine. Kabotolo kamakhala patsindwi pafupifupi nyumba iliyonse ya thonje. Musamange mwana uja Smart, musamange mpongozi wanga. Mangani ine."

"Palibe akumangani, bambo," anatero mayi Priska chapansipansi. Anabwezera chitsekero pa cholembera. Foni imodzi inayamba kulira, anaizimitsa. "Ndikapempha kuti mzere wa nsomba asaufufute, ausiye poyembekezera mpaka tidzakumanenso chaka chamawa. Sindikulonjeza kuti akavomera. Akavomera, ndidzabwera ndi anthu oyeza, tidzayenda khomo ndi khomo. Koma mawa nsomba sizilowa."

"Nanga dengu ili?" anafunsa mayi Dorika. Anali atalisenza kale pamutu.

"Kagulitseni, mayi. Ndi nsomba zabwino."

Galimoto inatuluka pageti wani koloko itangokwana, n'kukhotera kumpoto. Amayi anabalalika awiriawiri. Palibe amene anamuyang'ana Loyce. Esinala yekha, podutsa, anati, "Takhuta, a Sajeni," ndipo Loyce sanadziwe ngati kunali kuthokoza kapena kutukwana.

* * *

Smart anasainira chikwama chake ndi botolo lake, natuluka akudziwongola msana.

"Ndiye mwapeza kuti ndine mngelo, a Sajeni?"

"Ndapeza kuti ndinu waulesi, monga munanenera. Pitani."

Loyce anamuperekeza mpaka pakhonde la siteshoni. Kunja kwa mpanda, pamthunzi wopyapyala wa chikwangwani, panaima mayi Dorika, dengu lija lili pamutu. Pamsika wa Ngabu tsiku limenelo milamba inali mbwee, ndipo sanagulitse ngakhale mulu umodzi. Chapatali pang'ono apongozi awo anakhala pa mwala, tayi ili m'manja.

Smart anaima. Loyce anadikira nthabwala, koma sinabwere. Mwamunayo anangokanda m'mutu, nayang'ana kumbali.

"Pepani ndi zam'mawa zija, achimwene," anatero mayi Dorika.

"Silipasi sipha munthu, mlamu."

Kenaka mayi Dorika anayang'ana Loyce pakhonde paja, nayang'ana yunifolomu yake, natsitsa mawu. Koma mphepo inali kuchokera komweko, ndipo Loyce anamva.

"Lachisanu mulipo?"

"Ndilipo. Koma madzi akwera, mlamu. Musabwere ndi mwana."

Anawatula dengulo, nalisenza paphewa pake, onse n'kuyamba kulowera kokwerera minibasi za ku Bangula, mkulu uja akutsatira pambuyo ndi ndodo yake. Loyce anatsegula kope lake, naliyang'ana, nalitsekanso.